Kabokosi Kamene Kanatsutsa a Rakele

Ku Msumba mukafunsa za a Rakele, anthu sayamba n'kukuuzani kuti ankalima chinangwa kapena kuti ankayanika usipa, ngakhale zonsezi ankachita. Amayamba ndi kanema. Amakuuzani za mayi wamfupi, wa mawu aakulu, amene Loweruka lililonse masana ankakhala m'chisakasa cha kanema cha a Salimo, pakamwa pali pafupi ndi khutu la amuna awo osaona, akuwasimbira zonse zochitika mufilimu.

Ine ndakhala nawo moyandikana kuyambira pamene ndinatumizidwa kudzaphunzitsa kuno, ndipo mpanda wathu ndi umodzi. Mwana wawo yekhayo, Flávia, anadutsa m'manja mwanga ali wamng'ono. Tsopano ali pabanja ku Lichinga. Zina mwa zimene ndikulembazi ndinaziona ndekha, zina anandiuza eni ake.

A Rakele anabadwira pamalo pomwepo pamene anakalambira, pa nthaka ya amayi awo, kuseri kwa mishoni. Amuna awo, a Marko, ndi a ku Kobwe, kumpoto kwa nyanja. Anabwera kuno ali mnyamata kudzakhoma ngalawa ya munthu wina, ngalawa inatha, iwo osabwerera. Anakhala mkamwini pamudzi pa akazi awo monga mwa mwambo wathu, ndipo ngalawa zambiri zakale za pagombe lino zili ndi misomali yawo.

Maso a a Marko anazima pang'onopang'ono. Mutu unkawawa, nyali ankaziona zili ndi mikombero, kenaka dziko linayamba kuchepa kuchokera m'mbali. Pamene anafika kuchipatala anauzidwa kuti achedwa, ndipo palibe chimene chingachitike.

Nkhaniyi itafika ku Kobwe, mlongo wawo wa a Marko, a Maua, anakwera ngalawa n'kubwera kudzawatenga. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pa mtengo wa mango. A Maua sanabise mawu.

“Mlongo wanga si mbuzi yoti azimangirira pamtengo mkazi akapita kumunda,” anatero. “Anabwera kuno ndi manja ndi maso. Maso atha. Abwerere kwawo, tikamusunge ife amene tinayamwa naye bere limodzi.”

A Rakele anaimirira, chinthu chimene mkazi sachita pamlandu wotere, n'kunena kuti: “Malinga ine ndili ndi maso, iwonso ali ndi maso. Tsiku limene anga adzalephera, mudzabwere mudzawatenge, sindidzatsekereza.”

Ankhoswe anavomera, nkhani n'kumangidwa pamenepo. Mawu amenewo anawanena ali ndi mphamvu, akutha kulowetsa ulusi pa singano mosayang'ana kawiri.

Kuchokera pamenepo anthu awiriwa anakhala ngati munthu mmodzi wa miyendo inayi. Kumunda ankapitira limodzi, a Marko akusenda chinangwa pamthunzi. Kutchalitchi limodzi. M'mawa uliwonse ankatsikira kunyanja kukasamba, pamalo ena a miyala pafupi ndi bango, pamene nthawi zina pamaoneka ng'ona. A Rakele ankaima pamwala n'kuyang'anitsitsa madzi, kenaka n'kunena kuti, “Madzi ali bwino, lowani.” A Marko ankalowa mosakayika.

Za kanema anayambitsa ndi a Rakele omwe. A Marko ankakonda mafilimu kuyambira unyamata wawo, koma atasiya kuona anati n'kutaya nthawi kukakhala pamalo pongomva mfuti ndi zilankhulo zachilendo. Akazi awo anawakoka. Poyamba ankanong'oneza, koma mawu a a Rakele sanalengedwe kuti azinong'ona. Posakhalitsa anthu anayamba kusendeza mabenchi kufupi ndi iwo, ndipo a Salimo, ngakhale ankadandaula, ankatsitsa mawu a TV.

“Walowa uja wa mimba ngati mtsuko,” ankatero a Rakele. “Akuyang'ana mtsikana monga mphaka ayang'anira thandala la usipa. Abambo a Flávia, munthu uyu mukanamuona simukanamukhomera ngalawa.”

“Amayi,” a Salimo ankafuula kuchokera pakhomo, “anthu abwera kudzaonera TV yanga kapena pakamwa panu?”

“Zimitsani muone ngati atuluke.”

Ana a sukulu yanga ankabwera Lolemba akuyerekeza mawu awo, ndipo ndinazindikira kuti ena mwa iwo anaphunzira kulongosola nkhani mwadongosolo kuchokera kwa a Rakele kuposa kwa ine. Sindinachite nazo nsanje.

M'zaka zapitazi tinayamba kuona kuti zosimba zawo zikusiyana ndi zimene zili pagalasi. Munthu akuseka, iwo ankati akulira. Galimoto ili chiimire, iwo ankati yathamanga mpaka yagwera m'dzenje. Anthu ankagwirana m'mapewa n'kumati, “A Rakele ayamba kuphika zawo.” Palibe amene anawatsutsa. Choyamba, kuno n'chamwano kuuza munthu wosaona kuti mkazi wake akumunamiza. Chachiwiri, zawozo zinkakoma kuposa filimu yeniyeniyo. Mudzi wonse unaganiza kuti ndi nthabwala za ukalamba.

Tsiku lina Lamulungu, mapemphero atatha, analengeza kuti kukubwera gulu lochokera ku Lichinga ndi filimu yaikulu yoonetsa pansalu, ndiponso kuti abweretsa zipangizo zothandiza amene saona ndi amene samva kuti nawonso atsatire. A Marko anasangalala ngati mwana. Anauza aliyense panjira kuti akufuna kukamva makina amene akuti angachite ntchito ya akazi awo. Anaimbiranso mlongo wawo, chifukwa a Maua anali atayamba kugontha, ndipo a Maua anati abwera.

Mkati mwa sabata imeneyo a Rakele anabwera kwanga masana, ine ndikuchonga ntchito za ana pakhonde. Anabwera akutsata mpanda ndi dzanja, koma ine ndinaganiza kuti n'kutopa. Anakhala pamkeka.

“A purufesora,” anatero, monga mmene kuno amaitanira mphunzitsi, “filimu ikubwerayi adzaonetsera kusukulu kwanu. Simungaione msanga inu n'kudzandiuza mmene ikuyendera?”

Ndinawauza kuti filimuyo ibwera ndi eni ake tsiku lomwelo. Ndinafunsa chifukwa chake, ndikuseka, kuti kapena akuopa kugonja kwa makina.

Iwo sanaseke. Anatembenuzira nkhope kwa ine, koma osati ndendende pamene ndinali. Ndipo ndinaona chimene ndinayenera kuona kalekale: pakati pa maso awo onse awiri panali potuwa.

“Nkhope yanu sindinaione kuyambira chaka chija nyanja inadzadza mpaka m'minda,” anatero. “Ndimaona ngati mtambo wa nkhungu ukamatuluka panyanja. Koma nkhungu zimapita. Izi zakhala.”

Anandifotokozera mmene ankachitira. M'nyumba ankadziwa malo a chinthu chilichonse. Njira ankazidziwa ndi mapazi. Kwa a Salimo ankamvera nyimbo, mapazi, zitseko, ndi mmene anthu akupumira. Filimu zambiri zimayenda njira imodzi, ndipo iwo anali ataona zokwanira. Povuta panali pamene filimu yakhala chete. Pamenepo ankangopeka.

“Nanga kunyanja?” ndinafunsa.

“Ndimadikira ana anu ayambe kusamba. Akamachita phokoso ndimadziwa kuti kulibe kanthu. Ndimaponyanso miyala kubango.”

Ndinawachonderera kuti awauze a Marko, ndiponso kuti apite kuchipatala. Anapukusa mutu.

“Ndikagona kuchipatala adzawaphikira ndani? Alamu anga adzafika ndi ngalawa tsiku lomwelo. Ndinalumbira pamaso pa ankhoswe, a purufesora. Akakapita ku Kobwe sadzabwereranso, ndimawadziwa anthu a kumeneko.”

Ndinafunsa ngati sangadwale dala tsiku la filimulo n'kutsala kunyumba. Anati aganizapo kale: akadwala, a Maua adzatsala kuti awadwazike, n'kuwaona mmene amafufuzira mchere ndi zala. Kunali bwino kukakhala mumdima pakati pa anthu. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Masiku otsatirawo ndinkawamva kuseri kwa mpanda akuyankhula mokweza kuposa kale, akuseka zinthu zosaseketsa, ndipo m'mawa uliwonse akamatsikira kunyanja ndinkapeza chifukwa chotumira ana akuluakulu kuti atsogole.

Alendowo anafika Loweruka m'mawa. Tinasankha chipinda chachikulu cha sukulu, mazenera n'kuwatseka ndi mabulangete kuti mukhale mdima. Anapachika nsalu yoyera pabolodi. Bokosi lotulutsa mawu silinakwane kutsogolo, ndiye analiika pambali, pafupi ndi khoma la kudzanja lamanja.

Wotsogolera gululo anali mayi wina dzina lake Zuleica, woyenda ndi ndodo yoyera. Ankayankhula Chinyanja cha kunyanja kuno, ndipo anthu atafunsa anapeza kuti makolo ake ndi a ku Nkholongue. Anafotokoza modekha. Amene samva konse adzawerenga mawu olembedwa m'munsi mwa nsalu, ndipo pakona padzaoneka munthu woyankhula ndi manja. Amene amamva movutikira adzapatsidwa zovala m'makutu zokweza mawu. Amene saona adzapatsidwa kabokosi kakang'ono ngati sopo, kokhala ndi timawaya tiwiri ta m'makutu. M'menemo muli mawu a munthu amene anaonera filimuyo kale, ndipo m'mipata imene anthu a mufilimu akhala chete, iye amanena m'Chinyanja zimene zikuoneka.

Ana anafuna kugwira chilichonse. Ndinawafoletsa kuti aliyense amve pang'ono, ndipo aliyense akamva ankatembenuka kufuna munthu amene wamuyankhulayo.

A Maua anali atafika dzulo lake. Anavala zokweza mawu n'kunena mokweza kwambiri kuti akumva munthu akutafuna mtedza kumbuyo, chipinda chonse n'kuseka. Anakhala pabenchi ya kumbuyo kwa mlongo wawo, chapambali pang'ono. Zaka za kugontha zinawaphunzitsa kuyang'ana nkhope za anthu.

“Tabokosi tatsala,” anatero a Zuleica. “Alipo wina amene maso akumuvuta, ngakhale pang'ono? Palibe chamanyazi.”

Madala ena anakweza manja. A Rakele anakhala manja ali pamiyendo, atagwira mwamphamvu kapulana yawo, chitenje chimene anavala.

A Marko analandira kabokosi kawo, koma analowetsa kawaya kamodzi kokha.

“Khutu ili ndi la alendo,” anauza anthu. “Ili linalo lili ndi mwini wake. Lero tiona wodziwa kusimba.”

“Ine ndili kumbali ya makina,” anatero a Salimo. “Mwina angandibwezere TV yanga.”

“Makina anu atha batire filimu isanafike pakati,” wina anayankha. “A Rakele sachajidwa.”

Anthu anaseka, nawonso a Rakele anaseka. Ine ndinali nditaima kukhoma, ndipo ndinkaona thukuta likutsika m'khosi mwawo.

Filimuyo inali ya banja lina losunga bwato lowolotsa anthu pamtsinje, limene mwana wawo anatengedwa ndi madzi. Ankayankhula Chipwitikizi. Poyamba a Rakele anayenda bwino. Panali phokoso la madzi, nkhafi, anthu akukangana, ndipo iwo anagwira nkhaniyo msanga. A Marko ankagwedeza mutu n'kumauza oyandikana nawo kuti, “Akugwirizana. Koma wa m'kabokosiyu alibe mchere.”

Chimene chinandiopsa chinali china. Kwa a Salimo mawu ndi chithunzi zimachokera m'bokosi limodzi, choncho woyang'ana kumene kukuchokera mawu amakhala akuyang'ananso filimu. Apa sizinali choncho. Nsalu inali kutsogolo, mawu ankachokera kukhoma. Mitu yonse m'chipindamo inaloza kutsogolo, koma mutu wa a Rakele, pang'ono ndi pang'ono, unatembenukira kudzanja lamanja, mpaka anali kusimba filimu akuyang'ana khoma. Kuwala kwa nsalu kunkagwera pa tsaya lawo. Ndinayang'ana a Maua. Anali atasiya kuonera filimu.

Kenaka mufilimumo mwamuna ndi mkazi anakangana m'nyumba. Chitseko chinamenyetsedwa. Mapazi anamveka, n'kusiya. Kunatsala mphepo yokha.

Pansalu panali mkazi yekha m'chipinda. Anagwada, n'kutulutsa kansapato ka mwana pansi pa bedi, n'kukhala pansi atakagwira pachifuwa. Chipinda chathu chonse chinati zii. Amayi ena anayamba kupukuta maso.

M'chete ameneyo mawu a a Rakele anamveka ngati belu.

“Watuluka mwamuna uja, ali pamsewu. Akuponda ngati nthaka inamulakwira. Kumene akupitako ndi ku kachasu, palibenso kwina.”

Ana awiri anaseka n'kudzigwira pakamwa. Akuluakulu sanaseke, nthabwala pamalo otere inawadabwitsa. A Marko anali ataweramira kumbali ya kabokosi, akumvetsera. Kenaka anafunsa motsitsa, koma m'chipinda munali chete moti tinamva.

“Mwamunayo wavala chiyani, amake Flávia?”

“Malaya oyera,” anayankha a Rakele. “Ong'ambika paphewa.”

“Mukumuona bwinobwino?”

“Ngati mmene ndikukuonerani inu.”

Pansalu mkazi uja anali akadali pansi yekha.

A Marko anafufuza pachifuwa pawo mpaka anapeza kawaya kachiwiri, n'kukalowetsa m'khutu linatsala lija. A Rakele anamva dzanjalo likudutsa pafupi ndi nkhope yawo. Anapitiriza kuyankhula pang'ono, mawu akuchepa, kenaka anasiya. Filimu yonse yotsalayo anakhala chete. Aka kanali koyamba kuti anthu a ku Msumba aonere filimu a Rakele alipo koma osamva mawu awo.

Anthu anatuluka akuyamikira alendo. Atatuwo anapita kwawo osayankhulana, a Rakele patsogolo, a Marko pambuyo pawo, a Maua pambuyo penipeni akuyang'ana mapazi a mlamu wawo. Nditafika kwanga, a Marko anandiitana kudzera pampanda kuti ndibwere ndidzamve nawo, popeza ankhoswe akale aja onse anamwalira.

Ndinawapeza atakhala pabwalo, dzuwa lidakali pamwamba.

“Kunama kwa mufilimu sindikukuwerengera,” anayamba a Marko. “Munandidyetsa nkhani zabwino. Ndikufunsa za kunyanja. Mukamati madzi ali bwino, lowani, mumakhala mukuona chiyani?”

“Ndimamvera ana,” anatero a Rakele.

“Ana.”

“Ndimaponyanso miyala.”

“Nanga tsiku limene ana ali kusukulu, miyala yagwa pena, chinthucho chili pena?”

A Rakele anati, “Sichikanakufikani. Ndimalowa ine poyamba, n'kuima kumbali ya bango mpaka mutamaliza. Chikanayamba ndi ine.”

Ndinaona a Marko akugwira mpando ndi manja awiri.

“Ine ndimati mumakhala pamwala,” anatero.

“Pamwala ndinasiya kalekale.”

“Kapulana yonyowa ija mumati ndi yochapira.”



A Maua anali atasiya zokweza mawu zija kwa eni ake, ndiye sanamve zonse, koma nkhope anaziwerenga. Anayankhula mokweza monga mwa masiku onse, koma mosakalipa.

“Alamu, ine sindinabwere kudzakulandani munthu. Ndinabwera kudzaonera filimu. Koma ndakuonani mukuyang'ana khoma, ndakuonaninso mukupondaponda njira ya kwanu komwe. Lonjezo lija munalinena nokha.”

A Rakele anagwada. Sindinawaonepo atagwadira munthu chotero. Anati nyumba akuidziwa, moto sanawotchepo munthu, kunyanja asiya, madzi azitunga pachitsime n'kumawasambitsira kuseri. Anati a Maua atenge mbuzi, atenge chilichonse. Anatembenukira kumene kunali amuna awo n'kuwapempha kuti anene okha kuti sakufuna kupita.

Onse tinadikira. Ndikukhulupirira kuti a Marko akanakana, a Maua sakanawakakamiza.

“Achemwali,” anatero a Marko mokweza kuti mlongo wawo amve, “ngalawa ya ku Kobwe ikudutsa liti?”

“Abambo a Flávia.”

“Ndikakhala pano simudzapita kuchipatala, ndikukudziwani. Mudzapezanso madzi ena oti muziimamo chifukwa cha ine. Ine ndakhala zaka zonsezi ndikusamba mosangalala, mkazi wanga ali nyambo. Sindingathe.”

M'mawa mwake a Zuleica, asanabwerere, anadzera pakhomopo chifukwa ndinali nditawauza. Iwo eni sakanatha kuona maso a a Rakele, koma anafunsa mafunso ambiri: ngati akuwawa, ngati kuwala kumaoneka, ngati anayamba ngati utsi. Anati iwo si dokotala, koma zikumveka ngati ng'ala, ndipo ng'ala amachotsa ku Lichinga. A Rakele anamvetsera nkhope ili pansi. Mawu okha amene ananena anali akuti, “Kabokosi kanu kalibe chisoni.” A Zuleica anati, “N'zoona, mayi. Kamanena zimene zilipo basi.”

A Marko anapita sabata yomweyo. Ngalawa inali yodzadza ndi matumba a ufa, ndipo anyamata anachita kuwanyamula powakweza. A Rakele sanapite kugombe. Anati kupita kukayang'ana chinthu chimene sungachione n'kudzipusitsa. Anakhala m'nyumba chitseko chili chotseka, injini ikumveka mpaka inazimiririka.

Flávia anabwera kudzawatenga amayi ake kuti apite nawo kuchipatala ku Lichinga. Anakwera shapa, minibasi ya kuno, ku Metangula, a Rakele ali ndi mantha, chifukwa anali atamva kuti madokotala amatulutsa diso n'kuliika m'mbale. Anandigwira dzanja pazenera n'kundiuza kuti akakafera konko ndidzauze a Marko kuti sanawakwiyire, kenaka anasintha n'kuti ndidzawauze kuti anawakwiyira pang'ono.

Anabwerera mvula itayamba. Diso lamanzere linatseguka. Lamanja anauzidwa kuti lili ndi vuto lina mkati, ndipo silidzaonanso. Anaima pampanda n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

“Mwakalamba, a purufesora,” anatero. “Palibe amene anandiuza.”

Tsiku lomwelo anaimba ku Kobwe pa foni yanga. Anayankha ndi a Maua, amene pafoni amamva mawu amodzi mwa atatu.

“Ndikuona tsopano, alamu. Abwere.”

“Mwati angati?”

“Limodzi. Koma likuona bwino.”

“Munalonjeza maso, alamu, simunalonjeze diso. Nalonso likadzachita utsi mudzatiuza? Kapena tidzamva kwa ng'ona?”

A Marko atapatsidwa foni anafunsa za ulendo, za Flávia, za denga ngati likudontha. Pa za kubwerera anangoti, “Khalani, mudzisamale. Kuno akundisunga bwino.” Mawu awo anali aang'ono ngati a munthu amene wakhala masiku ambiri osayankhula. A Rakele anandibwezera foni n'kupita kwawo.

Miyezi yotsatira ndinkawaona akuchepa. Kwa a Salimo sanapitenso, ngakhale tsopano akanatha kuona zonse. Ankaopa chilichonse chokhudza diso lotsalalo: utsi, fumbi, kamwana kothamanga ndi kamtengo. M'mawa ankatseka diso lakufalo ndi dzanja n'kuyang'ana mtengo wa mango, kuti aone ngati masamba akadali kuoneka limodzilimodzi. Uthenga wochokera ku Kobwe, wobwera ndi asodzi, unkati a Marko amangokhala pakhonde, ndipo amadya pang'ono.

Chinangwa chitakhwima a Rakele anaitana abale awo, ana a ang'ono awo ndi adzukulu, n'kuwauza kuti akupita ku Kobwe kukakhala. Panali phokoso. Mkazi wamkulu wa pamudzi ndiye tsinde la mbumba. Sachoka pa nthaka ya amayi ake, makamaka atakalamba. Abalewo anawafunsa kuti manda a amayi awo adzalimira ndani, ndiponso kuti iwo akadzamwalira adzaikidwa pakati pa anthu a eni. Wina anati ku Kobwe akakhala wantchito wa a Maua. A Rakele anavomera zonse kuti n'zoona. Munda anaupereka kwa mwana wa mng'ono wawo, mbuzi anagawa, nkhuku anandipatsa ine.

A Rakele sanawauze a Maua za ulendowo. Anati akawauza adzakana pafoni, koma munthu amene wafika kale pakhomo ndi mtolo pamutu sungamubweze pokhapokha uli ndi mtima wa mwala, ndipo mlamu wawo, ngakhale ali ndi pakamwa, mtima wotero alibe. Ananena zimenezi ngati akudzilimbitsa okha.

Tsiku la ulendo kunali mwera. Mafunde ankamenya miyala, ndipo eni ngalawa anakangana kaye ngati anyamuke. A Rakele, mwana wa pagombe, anali asanakwerepo ngalawa ulendo wautali moyo wawo wonse. Ankati madzi amawadziwa mpaka m'chiuno basi. Ndinawaperekeza pamodzi ndi ana angapo amene ananyamula mitolo. Anali atamanga kansalu kuphimba diso labwinolo kumbali kuti madzi asalowemo.

“Akakakukanani?” ndinafunsa.

“Ndikakhala pansi pa mtengo wawo mpaka achite manyazi.”

“Nanga a Marko akakati mubwerere?”

Anayang'ana mafunde.

“Chimenecho ndiye chikundiopsa kuposa madziwa,” anatero. “Koma iwo anakhala mkamwini kwathu kuyambira ali mnyamata, osadandaula. Nane ndikakhale mtengwa kwawo ndi imvi zangazi. Akakana, akanene ndili pomwepo.”

Mwini ngalawa anaitana. A Rakele anakwinya kapulana n'kulowa m'madzi, anyamata awiri n'kuwakweza. Anakhala pakati pa matumba, atagwira thabwa ndi manja onse awiri, ndipo ngalawa inatembenukira kumpoto.